MUNDA WA KUSERI KWA NYUMBA

Werengani Yeremiya 29:1-14.

Kalata imene tiiwerenga m'caputala ici inalembedwa ku Yerusalemu, nipita ku Babulo m'manja mwa amithenga awiri a mfumu Zedekiya, ndiwo Elasa mwana wa Safani ndi Gemariya mwana wa Hilikiya. Oilandira anali anthu osweka mtima. M'caka ca 597 Kristu asanabadwe, Nebukadinezara anatenga mfumu Yekoniya, ndi amace, ndi akuru a dziko, ndi amisiri, nawakhazika m'dziko la eni, pakati pa anthu a cinenero cina ndi milungu ina. Tsono munthu wotere akalandira kalata yocokera kwao, afuna kumvamo ciani? Afuna kumva tsiku lobwerera. Koma mneneri sanawauze kuti amange katundu. Anawauza kuti amange nyumba, nalime minda ya pakhomo, nadikire kufikira atadya za m'mindamo.

Mau awa anali owawa, pakuti panali aneneri ena amene ananena zokoma. Hananiya mwana wa Azuri anaimirira m'nyumba ya Yehova, nalonjeza kuti zisanathe zaka ziwiri andende onse adzakhala atabwera. Ndipo kuti anthu amkhulupirire, anathyola goli limene Yeremiya analisenza pakhosi. Khamu linakondwa naye. Koma Hananiya anamwalira caka comweco, itangopita miyezi iwiri, ndipo andende anakhalabe ku Babulo kufikira Koresi analanda mudziwo m'caka ca 539. Yeremiya anachula zaka 70. Munthu amene auzidwa zaka ziwiri abzala maungu pa dzala, nakhala pansi kuyang'ana kumseu. Munthu amene auzidwa zaka 70 aoka mitengo.

Abale ndi alongo okondedwa, nkhani yathu ya caka cino ndi yaing'ono m'maso mwa anthu. Tifuna kukamba za kabwalo kaja ka kuseri kwa nyumba yanu, ndi za kukakonza mwatsopano, kuti pakhale mabedi a maluwa ndi zomera zokhalitsa. Wina adzati, Kodi nkhani yotere iyenera kulowa m'buku la Akristu? Iyenera ndithu, popeza Mulungu mwini sanacite nayo manyazi, koma anaiika m'kalata ya mneneri wace.

Alimi a maluwa amagawa zomera zao pawiri. Ziripo za caka cimodzi, monga zinnia ndi marigold: uzifesa ndi mvula yoyamba, masabata owerengeka zaphuka, bwalo lonse laoneka ngati nsaru ya ukwati, koma zikabala mbeu zao ziuma ndi mizu yomwe, ndipo caka camawa uyambanso pa nthaka yopanda kanthu. Ziriponso zokhalitsa, monga canna, agapanthus, hibiscus, aloe ndi bougainvillea. Izi caka coyamba zicititsa manyazi mwini wace. Mlendo akaona tizitsa tating'ono m'dothi lalikuru, afunsa ngati mbuzi zinadyamo. Koma pamene pamwamba paoneka ulesi, pansi pali nchito: mizu irikutsika, irikusunga cakudya, irikufunafuna cinyezi kumene dzuwa la Okutobala silifika. M'cilala ca 2024, cimene boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, ambiri anaona okha kuti zofesa zinapsa msanga, pamene bougainvillea wakale wa pampanda anaphukabe osathiriridwa.

Sitinyoza maluwa a caka cimodzi ai. Ali ndi malo ao, ndipo tidzawachulanso. Koma munda wonse ukakhala wa iwo okha, uli munda wa Hananiya.

Kalata ya Yeremiya itikhudza ife a m'matauni a Zambia koposa ena. Lusaka anakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, ndipo amene anajambula mapulani ace, kuyambira Professor Adshead m'caka ca 1931, anafuna kuti akhale mudzi wa minda, wa miseu yotakata ndi mitengo. Koma mindayo inali ya mayadi a Azungu. Munthu wakuda anawerengedwa mlendo m'tauni, woyenda ndi citupa. Nyumba yace inali ya mwini nchito, ndipo nchito ikatha, nyumba yathanso. Cotero makolo athu anaphunzira kunena kuti, Kuno ndi kunchito, kwathu ndi kumudzi. Sitiwatsutsa, pakuti ananena zoona za masiku ao. Koma malamulo aja anacoka kale. M'caka ca 1996 boma linayamba kugulitsa nyumba za makhonsolo kwa okhalamo, ndipo mabanja ambiri anakhala eni nyumba. Nanga bwanji mau akale aja akali m'kamwa mwathu? Alipo munthu amene wabala ana onse m'nyumba imodzi, waona ndi adzukulu omwe, koma kuseri kwace kulibe ngakhale mtengo wa ndimu, cifukwa caka ndi caka alikuti, Ndidzabzala kumudzi ndikapuma nchito. Mtima womwewo amalowa nao ndi mumpingo. Akhala zaka 20 pa benci lakumbuyo, kalata yace ya umboni ikali kumpingo wa kumudzi, sadziwika kwa akulu a mpingo, sanyamula katundu wa aliyense. Ndipo tsiku la maliro ace anthu afunsana kuti, Kodi anali wa mpingo uti? Mneneri anauza andende aja kuti afunire zabwino mudzi wa adani ao, naupempherere. Ngati Babulo anayenera munda ndi pemphero, koposa kotani Matero, ndi Chilenje, ndi Kapata wa ku Chipata!

Tiyeni tsono tizungulire nyumba. Kumaso kwasesedwa bwino, ndi mizere ya tsace ioneka. Pamenepo ndi pamene pafika abusa ndi apongozi. Koma kuseri! Kuli dzala losefukira, zitini zosunga madzi a udzudzu, matayala akale, mbale zobooka, madzi otsukira mbale akuyenderera kufikira ku mpanda wa mnansi. Ndipo kumeneko ndiko kumene amai aphika, kumene ana asewera tsiku lonse, kumene agogo aothera dzuwa. Malo amene alendo aona kwa kamphindi tawakometsa. Malo amene a m'banja lathu akhalamo masiku onse tawasiyira makoswe. Sindifuna kukankha fanizo ili kufikira lithyoke, pakuti yense adziwa yekha kuti alipo makhalidwe a kumaso ndi makhalidwe a kuseri, mau a pa Sabata ndi mau a Lolemba m'mawa pamene mwana wataya phala.

Apa ndimva mau a mbale wina wanzeru, amene ati, Maluwa sadyedwa. Malowo tibzalepo repu ndi matimati. Mbale, bzalani repu, ndipo Mulungu adalitse. Nyumba imene muli njala iyambe ndi ndiwo. Koma musanene kuti cosadyedwa ciribe nchito. Pa Genesis 2:9, pamene mlembi afotokoza mitengo ya m'Edene, achula kukongola kwace poyamba, ndipo kudyedwa kwa zipatso pambuyo. Coikapo nyali ca m'cihema ca Mose cinasulidwa ndi zifanizo za maluwa a katungurume, ngakhale nyali ikadaunika bwino lomwe popanda izo. Pa makoma a Kacisi wa Solomo panasemedwa maluwa, ndi pamitu pa nsanamira zace panali akakombo. Mlengi amene anapaka mapiko a gulugufe, napatsa mitengo ya m'chire masamba ofiira m'mwezi wa Seputembala pamene kulibe munthu wakuiona, sali Mulungu wa mimba yokha. Ndipo kumbukirani kuti amene anawerenga mtengo wa mafuta onunkhira ku Betaniya, napeza kuti atayika cabe, anali Yudase.

Wofuna kukonza munda asayambe ndi kugula maluwa. Ayambe ndi kukhala pansi ndi mkazi wace kapena mwamuna wace, napenye. Dzuwa la m'mawa ligwa pati, ndi la masana lipsereza pati? Madzi a padenga athamangira kuti mvula ikagwa? Njira ya ku cimbudzi ndi ya ku cingwe coyanikapo zobvala ipita pati? Mapazi a anthu sacoka m'njira yao cifukwa ca bedi la maluwa. Mukalima pa njira, ana adzapondapo, ndipo munda umene unayenera kubala mtendere udzabala ndeu. Mayi wa nyumba adziwa bwalolo koposa bambo, popeza ndiye akhalamo. Mfunseni.

Pamenepo ifika nchito yosakondweretsa, ndiyo yocotsa. Dzala likwiriridwe, likumbidwe lina pangodya. Zitini ndi magalasi zicoke. Ndipo kapinga amene walowa pa malo a bedi azulidwe ndi mizu yace yonse. Udzu uwu uli mphunzitsi wabwino wa zaumulungu. Ukausadza pamwamba, bwalo lioneka loyera kwa masabata awiri. Ukaudula ndi khasu ndi kuutembenuzira m'dothi, kacidutswa kali konse kakhala mbeu, ndipo wacurukitsa cimene unafuna kucipha. Njira ndi imodzi: kukumba mwakuya m'cilimwe, kutola mizu ndi manja, kuiyanika padzuwa kufikira iume. Kulapa kwa ambiri ndi kusadza kapinga. Aleka kumwa mowa pa mwezi wa Mgonero, koma mabwenzi ndi omwe aja, njira ya kunyumba ndi yomwe ija yopita pa khomo la bawa. Muzu uli m'dothi, ndipo ungodikira mvula.

Poika malire a munda, cenjerani ndi cimo la Ahabu. Anthu ambiri amaiwala kuti Naboti wa ku Yezreeli anaphedwa cifukwa ca kukonza bwalo. Mfumu inapenya munda wamphesa wa mnansi wace, niona kuti uli pafupi ndi nyumba yacifumu, nifuna kuusandutsa dimba la ndiwo. Naboti anakana kugulitsa colowa ca makolo ace. Mfumu inagona osadya. Yezebeli analemba makalata, napeza mboni zonama, ndipo munthu wosalakwa anaponyedwa miyala. Zonsezi ziri pa 1 Mafumu 21. Ife tiribe mphamvu za Ahabu, koma mtima wace tiri nao. Mpanda usuntha phazi limodzi usiku, makamaka ngati mnansiyo ndi mkazi wamasiye wosadziwa kumene cikhomo ca malire cinakhomedwa. Mtengo waukuru uokedwa pamalire penipeni, kuti mthunzi ndi masamba zigwere kwa mnzathu, zipatso kwa ife. Ngalande ikumbidwa yotayira madzi pa khoma lace. Milandu yotere yadzaza mabwalo a akulu a mpingo, ndipo ena aleka kudyera pamodzi Mgonero cifukwa ca mizere iwiri ya maluwa. Itanani mnansi musanakhome cikhomo, aone ndi maso ace.

Posankha zobzala, musatengeke ndi maso okha. Lantana anacokera ku maiko otentha a ku America, nabwera kuno monga duwa la mpanda, lokongola ndi losabvuta. Mbalame zinadya zipatso zace ndi kumwaza mbeu, ndipo lero wadzaza m'madambo ndi m'mphepete mwa minda, apha zomera za dziko lino, adwalitsa ng'ombe zikadya masamba ace, ndipo anthu agwira nchito yaikuru kumzula ngakhale m'nkhalango ya pa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Woyamba kumbzala sanafune coipa. Anangofuna mpanda wokongola. Musambzale, ngakhale wina akupatseni kwaulere. Oleander nayenso ali ndi ululu m'masamba, m'maluwa ndi m'nthambi zomwe. Asakhale kumene ana asewera, ndipo nthambi zace zisakhale nkhuni zoochera nyama. Jacaranda, amene akometsa miseu ya Lusaka ndi maluwa ace m'Seputembala ndi Okutobala, ndi mtengo wa malo otakata; pa kabwalo kakang'ono mizu yace idzakweza simenti ndi kulowa m'mipope. Cinthu ciri conse cimene mucilowetsa pakhomo, funsani cidzakhala cotani zikapita zaka khumi. Lamulo ili silikhudza zomera zokha.

Bedi likumbidwe mozama monga mapazi awiri, dothi lisakanizidwe ndi manyowa owola bwino, osati ndowe zaziwisi zimene ziocha mizu ndi kuitana ciswe. Lisagundane ndi khoma la nyumba, kuti cinyezi cisalowe m'maziko. Lisatambalale koposa pamene dzanja lifika, kuti popalira musapondemo. Zazitali, monga hibiscus ndi canna, zikhale kumbuyo, zapakati, monga agapanthus, patsogolo pace, zazifupi m'mphepete. Kumene bwalo latsetsereka, okani mzere wa udzu wa vetiver mopingasa, pakuti mizu yace itsika mwakuya nigwira dothi. Mwezi wa Ogasiti ndi Seputembala ndiyo nthawi ya kukumba. Kuoka kudikire mvula itakhazikika, m'Disembala, osati pa cizimalupsa, cimene cinanyenga alimi ambiri. Ndipo mipata imene idzaoneka pakati pa zitsa zazing'ono caka coyamba, m'menemo fesani zinnia ndi marigold aja, atonthoze maso kufikira eni malo atakula. Mukatha kuoka, phimbani dothi ndi udzu wouma. Madzi otsukira mbale ndi osamba, amene kale anali matope pakhomo, adzakwanira kusunga bedi m'cilimwe.

Tsono ifika nchito yoposa zonse kubvuta, ndiyo kudikira. Pa Levitiko 19:23-25 Aisrayeli analamulidwa kuti akaoka mtengo wa zipatso m'dziko lolonjezedwa, asadye zipatso zace zaka zitatu. Za caka cacinai zikhale zopatulika, zoyamika nazo Yehova. Ndipo caka cacisanu adye. Mlimi aliyense wa mango omezanitsa adziwa nzeru iri m'lamulo ili, pakuti kamtengo kakaphuka maluwa caka coyamba, iye awathothola, kuti mphamvu ipite ku mizu ndi ku nthambi. Akakalola kubala msanga, kapinimbira. Koma lamuloli liri ndi cina coposa ulimi. Liphunzitsa dzanja kuti lisathamangire kukamwa. Liphunzitsa kuti coyamba si cathu. Ndipo ndiganiza kuti mipingo yathu ikadapewa zisoni zambiri ikadalikumbukira posankha atsogoleri. Mnyamata atembenuka mtima lero, alankhula bwino, aimba bwino. Mawa tamuika pa guwa, ndipo caka cisanathe wagwa, ife tidabwa. Sanagwe cifukwa anali mbeu yoipa. Tinamlola kubala asanazike mizu. Paulo anacenjeza Timoteo za cinthu comweci pamene analemba za oyang'anira mpingo. Makolonso amve: mwana amene lero aoneka kacitsa kouma, wosamva, wosapindula kusukulu, musafulumire kumzula m'mtima mwanu. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Adamu anapatsidwa nchito ziwiri m'munda uja, ya khasu ndi ya ulonda, ndipo yaciwiri ndiyo isatha. Ku Chilanga, kumwera kwa Lusaka, Ralph Sander anayamba munda wa zomera m'zaka za m'ma 1950, nauchula m'cinenero cathu kuti Munda Wanga. Munthuyo anapita, dzina linatsala, ndipo amene anayenda m'mithunzi yace pambuyo pace ndi zikwi za ana a sukulu amene sanamuone nkhope. Umo ndimo zikhalira zokhalitsa: wobzala anena kuti wanga, koma akudya ndi ena. M'munda wa Getsemane, kumene Ambuye wathu anapemphera usiku uja anaperekedwa, muli mitengo isanu ndi itatu ya azitona yakale kwambiri. M'caka ca 2012 akatswiri a ku Italy anafalitsa zimene anapeza atayesa itatu ya iyo: matsinde ace ndi a zaka za m'ma 1100, kapena pang'ono zisanafike. Si matsinde amene anaona thukuta la Ambuye, ndipo Josephus analemba kuti Aroma anadula mitengo yozungulira Yerusalemu pa nkhondo ya caka ca 70. Koma kwa zaka zoposa 800 pakhala anthu, mbadwo ndi mbadwo, amene anaitengulira ndi kuisamala, ndipo ambiri a iwo maina ao adziwika kwa Mulungu yekha. Yohane atiuza kuti manda a Yesu analinso m'munda, ndi kuti m'mawa wa kuuka Mariya wa Magadala anamuyesa wosunga mundawo. Analakwa dzina, koma sanapite kutali ndi coonadi.

Zikapita zaka zitatu kapena zinai, mudzaona kuti canna ndi agapanthus zathinana, ndipo maluwa ayamba kucepa. Mankhwala ace ndi kugawa. Mukumba citsa conse m'nyengo yozizira ikamatha, mucipatula ndi khasu kapena ndi manja, mubwezera cigawo cimodzi m'dothi latsopano, ndipo m'manja mwanu mutsala zisanu kapena khumi zopanda malo. Citsa cosagawidwa cidzitsamwitsa cokha. Zotsalazo musagulitse zonse. Kumanda a mpingo kuli mbuu. Pabwalo la cipatala odwala ayang'ana pfumbi. Kuli nkhalamba imene siingathenso kugwira khasu, koma maso ace akali kuona. Acinyamata a mpingo angathe kukumba bedi limodzi pa Loweruka limodzi.

Otsala ndi inu amene mukhala m'nyumba za lendi, ndipo muli ambiri. Mudzati, Zonsezi ndi za eni nyumba; ine mwini nyumba angandicotse mwezi wamawa. Ndi zoona, ndipo ena acotsedwa atangokometsa bwalo, mwini nyumba ataona kuti tsopano angakweze mtengo. Kupweteka kwace sitikucepsa. Koma Yeremiya yemweyo anagula munda ku Anatoti ndi masekeli 17 a siliva, iye ali m'ndende, ndi ankhondo a Babulo atazinga mudzi. Nasunga makalata a mundawo m'mbiya kuti akhale masiku ambiri. Pemphani cilolezo kwa mwini nyumba, ndipo bzalani. Zina ikani m'zitini zazikuru zoboola pansi ndi m'matumba, kuti zidzasamuke nanu; zina ikani m'dothi.

Ndipo tsiku losamuka likafika, musacite cimene ena acita mwa mkwiyo, kudula mapapaya ndi kuzula maluwa kuti wobwerayo asadyerere thukuta lao. Pa Deuteronomo 20:19 ngakhale ankhondo ozinga mudzi wa adani analetsedwa kudula mitengo ya zipatso. Gawani zitsa, mutenge theka, theka musiye. Ngati nkutheka, onanani ndi wolowa m'nyumbayo, muyende naye kuseri. Mumuuze mtengo umene uli womezanitsa, kuti asadule pamwamba nasiya mphukira za pansi. Mumsonyeze pangodya paja pooneka ngati palibe kanthu, kumene flame lily agona m'dothi cilimwe conse ndi kutuluka mvula ikagwa, kuti asakumbepo dzala. Ndipo mumcenjeze kuti mizu yace ifanana ndi kambatata, koma iri ndi ululu wakupha, ana ace asaikumbe.